Nyumba ya ayezi pa mphambano ya Atwater: mafunso ndi mayankho pa mbiri ya Forum ya ku Montreal

Munthu akatsika sitima ya pansi pa nthaka pa siteshoni ya Atwater mumzinda wa Montreal ku Canada, n'kutulukira mumsewu wa Sainte-Catherine, amakumana ndi chinyumba chachikulu chomwe lero muli malo oonetsera mafilimu ndi malo odyera. Mlendo angachidutse osacheuka n'komwe. Mbadwa ya mumzindamo imene yafika zaka makumi asanu siyidutsa chotero, chifukwa imadziwa kuti kuyambira 1924 mpaka 1996 chinyumbachi chinali Forum, bwalo la hockey ya pa ayezi lomwe mbiri yake inafika kutali kuposa bwalo lina lililonse la masewerawa. Anthu anasekereramo, analiriramo maliro, ndipo usiku wina anatulukamo akutsokomola utsi wokhetsa misozi.

Tisanalowe m'nyumbamo, kodi hockey ya pa ayezi ndi masewera otani?

Ndi masewera a matimu awiri, timu iliyonse osewera asanu ndi mmodzi pabwalo, kuphatikizapo goloboyi. Amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, ndipo ndi chitsulocho amaterereka pamadzi oundana mwa liwiro loti wothamanga wapansi sangawapeze. M'manja amagwira ndodo yokhota kumapeto. Chomwe amalimbirana si mpira wozungulira, ndi kamphira kolimba kophwatalala kotchedwa puck, kotalika masentimita 7.6 m'mimba mwake ndi 2.5 kuchindikala kwake, kolemera magalamu pafupifupi 165. Kamphirako amayamba akaika mufiriji kuti kasamadumphedumphe. Masewera amatenga zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo wotchi imaima nthawi iliyonse wenzulo ikalira.

Bwalo la mu ligi yayikulu ya NHL ndi lotalika mamita 61 ndi 26 m'lifupi, kutanthauza kuti silifika n'gawo limodzi lomwe mwa magawo anayi a bwalo la mpira wa miyendo. Lazunguliridwa ndi mpanda wa matabwa, ndipo kugundana ndi kololedwa. Tsono taganizirani amuna khumi amphamvu akuthamangitsana m'kabwalo kotero, oonerera ali pafupi moti akumva kupuma kwa osewera ndi kulira kwa matabwa. Ichi n'chifukwa chake pa masewerawa nyumba yoseweramo si chinthu chapambali.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi ili ku Montreal osati kwina?

Chifukwa masewerawa analowa m'nyumba koyamba mumzinda umenewu. Ku Montreal kumazizira kwadzaoneni: m'mwezi wa Januwale kuzizira kumakhala cha m'ma digiri 10 pansi pa ziro, ndipo mitsinje ndi maiwe zimauma gwa. Anyamata ankasewera ndi ndodo pa maiwe oundanawo kuyambira kalekale, popanda malire kapena chiwerengero cha osewera. Pa 3 Malichi 1875, mkulu wina wa ku Halifax dzina lake James Creighton anakonza masewera m'nyumba yotchedwa Victoria Skating Rink, timu iliyonse anthu asanu ndi anayi. Poopa kuti mpira ungaswe mawindo kapena kuvulaza oonerera, anagwiritsa ntchito kathabwa kophwatalala. Makoma a nyumbayo ndiwo anaika malire a bwalo, ndipo kukula kwa mabwalo a ku North America lero kukuyandikirabe kukula kwa nyumba imeneyo.

Zina zonse zinatsatira momwemo. Chikho cha Stanley, chomwe anapereka Lord Stanley, bwanamkubwa woimira mfumukazi ya Britain ku Canada, chinapita koyamba kwa timu ya ku Montreal mu 1893. Timu ya Canadiens inabadwa mu Disembala 1909. Ligi ya NHL nayo inakhazikitsidwa mu hotela ya Windsor mumzinda womwewu mu Novembala 1917.

Chinachititsa kuti Forum imangidwe n'chiyani?

Zinthu ziwiri: moto ndi kufunda kwa nyengo.

Mabwalo akale anali a matabwa ochuluka. Pa 2 Januwale 1918 bwalo la ku Westmount, lomwe linatsegulidwa mu 1898, linapsa lonse. Timu ya Wanderers, yomwe ankaikonda anthu olankhula Chingerezi, inathera pomwepo, siyinadzukenso. Canadiens, yomwe nayonso inkasewera m'bwalo lopsalo, inasamukira ku bwalo la Jubilee, koma nalonso linapsa mu 1919. Mwachangu anamanga bwalo la Mount Royal lomwe linatsegulidwa mu Januwale 1920.

Bwalo latsopanoli linali ndi vuto lake. Ayezi wake anali wodalira nyengo: amathira madzi pansi, n'kusiya mphepo yozizira ya kunja kuti iwaumitse. Kukafunda pang'ono mu Novembala kapena mu Malichi, ayezi amasanduka phala, masewera n'kulephereka, matikiti atagulitsidwa kale. Mizinda ina inali itatsogola. Ku Vancouver banja la a Patrick linamanga bwalo la ayezi wopangidwa ndi makina mu 1911, ndipo Toronto inatsatira mu 1912. Kwa mzinda umene unabala masewerawa, kudikira nyengo ngati mlimi wodikira mvula chinali chinthu chochititsa manyazi, komanso chotayitsa ndalama.

Anthu a chuma, motsogozedwa ndi Donat Raymond ndi William Northey, anakhazikitsa kampani ya Canadian Arena Company. Anapeza malo pa mphambano ya misewu ya Atwater ndi Sainte-Catherine, pomwe kale panali malo otererekera ndi nsapato za matayala otchedwa Forum, ndipo dzinalo analisunga. Katswiri wojambula mapulani John S. Archibald ndiye analemba pulani. Ntchito inatenga masiku 159 okha, inadya madola a ku Canada 1.5 miliyoni, ndipo nyumbayo inali ndi mipando 9,300.

Ndiye kuti inamangidwira Canadiens?

Ayi, ndipo apa ndi pamene mbiriyi imakoma. Montreal ndi mzinda wa zilankhulo ziwiri. Ambiri amalankhula Chifalansa, ndipo masiku amenewo ankakhala makamaka kum'mawa kwa mzinda, n'kumagwira ntchito m'mafakitale ndi pa doko. Olankhula Chingerezi anali ochepa, ankakhala kumadzulo, koma mabanki ndi makampani akuluakulu anali m'manja mwawo. Forum inamangidwa kumadzulo, kumalire ndi dera la anthu olemera la Westmount, kuti ikhale kwawo kwa timu yatsopano ya olankhula Chingerezi yomwe inadzatchedwa Maroons potengera mtundu wa majuzi ake.

Koma taonani zomwe zinachitika tsiku lotsegulira, pa 29 Novembala 1924. Canadiens inayenera kusewera ndi Toronto St. Patricks pa bwalo lake la Mount Royal, koma kunja kunali kofunda ndipo ayezi anali asanagwire. Masewerawo anawasamutsira ku Forum. Choncho timu yoyamba ya mumzindamo kuponda ayezi wa nyumba yatsopanoyo pa masewera a ligi inali yobwereka malo, ndipo inapambana 7 kwa 1.

Mu 1926 Canadiens inasamukiramo kwathunthu, matimu awiriwo n'kumagawana nyumba imodzi kwa zaka khumi ndi ziwiri. Akakumana okhaokha, mkangano wa pa ayezi unkafika mpaka m'mipando. Maroons siyinali timu yamasewera: inatenga chikho cha Stanley mu 1926 ndi mu 1935. Chomwe chinaigwetsa ndi mavuto a zachuma a m'ma 1930, pamene anthu ochuluka anachotsedwa ntchito ndipo mzinda sukanathanso kudyetsa matimu awiri. Mu 1938 Maroons inaleka kusewera. Wobwereka malo uja anatsala yekha m'nyumba, ndipo olankhula Chingerezi nawo pang'onopang'ono anayamba kuichemerera.

Kodi ayezi wa m'nyumba amapangidwa bwanji, pomwe m'nyumbamo muli anthu zikwizikwi akupuma mpweya wofunda?

Chinsinsi chili pansi. M'kati mwa simenti ya bwalo mumadutsa mapaipi ambirimbiri oyalidwa moyandikana, otalika makilomita angapo mukawalumikiza. M'mapaipimo mumayenda madzi a mchere, kapena madzi ena osauma msanga, oziziritsidwa ndi makina onga a firiji koma aakulu. Madzi a mchere sauma pa ziro ngati madzi wamba, choncho amatha kuzizira kupitirira pamenepo n'kumayendabe, akuyamwa kutentha kwa simenti.

Simenti ikazizira, antchito sathira madzi ambiri nthawi imodzi. Amawaza pang'ono, n'kudikira aume, n'kuwazanso. Kenako amapaka penti yoyera, amajambula mizere yofiira ndi yobiriwira ngati thambo pamodzi ndi chizindikiro cha timu, n'kuwazanso madzi pamwamba kambirimbiri mpaka zojambulazo zitakwiririka. Ayezi yense akatha amangochindikala masentimita awiri ndi theka kapena atatu, ngati m'lifupi mwa chala chachikulu, ndipo amasungidwa pa madigiri pafupifupi 5 pansi pa ziro. Akachindikala kwambiri, pamwamba pamafewa chifukwa patalikirana ndi mapaipi. Akazizira mopitirira, amagamphuka.

Pakatha chigawo chimodzi cha masewera, ayezi amakhala atakandikakandika ndi mipeni ya nsapato. Kale ankalowa amuna ndi mafosholo kukokolola zinyenyeswazo, ena akukoka migolo ya madzi otentha. Mu 1949 Frank Zamboni wa ku California anapanga galimoto yomwe imapala ayezi, kuwola zopalidwazo ndi kuyala madzi otentha m'mbuyo mwake paulendo umodzi. Madziwo amatenthetsedwa dala, chifukwa amasungunula pang'ono pamwamba, kulowa m'ming'alu, n'kuuma mosalala ngati galasi. Kukakhala zoimbaimba kapena nkhonya, ayezi samusungunula ayi, amangomuvundikira ndi matabwa.

Ndakhalitsa pa funsoli chifukwa anthu amakumbukira zigoli, osati amisiri a m'chipinda cha makina. Chonsecho popanda mapaipi amenewo, Forum ikanakhala nkhokwe chabe.

Ndi zoona kuti m'bwalomo munachitikapo mwambo wa maliro?

Ndi zoona. Howie Morenz anali katswiri woyamba wa Canadiens amene dzina lake linadziwika m'dziko lonse ndi ku United States komwe. Anali wa ku Ontario, wolankhula Chingerezi, koma a Chifalansa anamutenga ngati mwana wawo chifukwa cha liwiro lake ndi mtima wake pa masewera. Pa 28 Januwale 1937, Canadiens ikusewera ndi Chicago mu Forum, Morenz anagwa akuthamangira puck, mpeni wa nsapato yake unakodwa m'matabwa a mpanda, ndipo wosewera wa Chicago Earl Seibert, amene anali m'mbuyo mwake, anamugwera. Mwendo unathyoka malo anayi. Anthu ankayembekeza kuti atuluka m'chipatala pa ndodo. Chakudza sichiyimba ng'oma: pa 8 Malichi anamwalira m'chipatalamo, magazi ataundana mumtsempha, ali ndi zaka 34.

Pa 11 Malichi bokosi lake linaikidwa pakatikati pa bwalo, pamalo pomwe masewera amayambira. Anzake a m'timu anaima mozungulira bokosilo pakati pa nkhata za maluwa. Anthu pafupifupi 50,000 anadutsa pamzere kudzaona nkhope. Pa nthawi ya mapemphero mipando yonse inadzaza, ndipo nyumba yomwe inazolowera kukuwa inangoti zii. Kuyambira tsiku limenelo Forum siyinalinso malo ogulako tikiti basi. Nyumba imene mwagonekamo maliro mumaiona mwa mtundu wina.

Nanga zipolowe za mu 1955 zinayamba bwanji?

Zinayambira kwa Maurice Richard, amene ankamutcha Rocket. Iye anali mwana wa mumzindamo, wolankhula Chifalansa, wochokera m'banja la anthu ogwira ntchito zamanja. Mu nyengo ya 1944 mpaka 1945 anagoletsa zigoli 50 m'masewera 50, chinthu chomwe palibe anali atachitapo. Adani ake ankamukola ndi ndodo, kumukoka juzi ndi kumunyoza chifukwa cha mtundu wake, ndipo iye sanali munthu wobweza mtima.

Pa 13 Malichi 1955 ku Boston, wosewera wina dzina lake Hal Laycoe anamutema m'mutu ndi ndodo. Richard, magazi ali chuchuchu, anabwezera ndi ndodo yake, ndipo pamene mmodzi wa oyimbira, Cliff Thompson, ankamugwira, anamumenya chibakera. Pulezidenti wa NHL, Clarence Campbell, anagamula kuti Richard asasewerenso masewera onse otsala a chaka chimenecho, kuphatikizapo olimbirana chikho.

Kunena mosapsatira, kumenya woyimbira ndi mlandu, ndipo Richard anali atachitapo zotero m'mbuyomo. Koma anthu a Chifalansa sanaone chilango chokha. Anaona bwana wolankhula Chingerezi akudula mutu wa munthu wawo, monga momwe mabwana a m'mafakitale ankawachitira tsiku ndi tsiku. Mkwiyo umene unali kufuka kwa zaka zambiri unapeza potulukira.

Pa 17 Malichi Canadiens inali kusewera ndi Detroit mu Forum. Campbell anachenjezedwa kuti asapite, koma anapita, n'kukhala pampando wake wa nthawi zonse masewera atayamba kale. Anthu anamugenda ndi tomato, mazira ndi nsapato. Wina anabwera ngati akudzapereka moni, n'kumuwomba mbama. Chigawo choyamba chitatha, Detroit ikutsogola 4 kwa 1, wina anaponya bomba la utsi wokhetsa misozi. Akuluakulu ozimitsa moto analamula kuti anthu onse atuluke, ndipo masewerawo anapatsidwa kwa Detroit. Kunja kunali kale chikhamu cha anthu okwiya. Magulu awiriwo ataphatikana anatsika ndi msewu wa Sainte-Catherine akuswa magalasi a masitolo, kugubuduza magalimoto ndi kuba katundu mpaka pakati pa usiku.

Mawa lake Richard analankhula pa wayilesi m'Chifalansa ndi m'Chingerezi, kupempha anthu kuti aleke, n'kulonjeza kuti alandira chilangocho ndipo adzabwerera chaka chamawa kudzathandiza timu kutenga chikho. Anthu anamumvera. Chaka chimenecho chikho chinapita ku Detroit, koma kuyambira 1956 mpaka 1960 Canadiens inachitenga kasanu motsatizana, zomwe palibe timu ina yachitapo. Olemba mbiri ambiri amati usiku wa zipolowewo unali chizindikiro choyambirira cha kusintha kwakukulu komwe kunachitika ku Quebec, chigawo chomwe muli Montreal, m'ma 1960, pamene olankhula Chifalansa anayamba kutenga m'manja mwawo chuma ndi maphunziro a dera lawo. Ena amati kumeneko n'kukuza nkhani ya masewera. Ine ndimaona kuti onse ali ndi mbali yoona: zipolowezo sizinabale kusinthako, koma zinaonetsa poyera kuti mphika unali utawira kale.

Nyumbayo inakhala chimodzimodzi zaka zonsezi?

Ayi, inakonzedwa kwambiri kawiri. Mu 1949 anaikweza m'mwamba n'kuwonjezera mipando kufika 13,551, chifukwa nkhondo yachiwiri itatha anthu anali ndi ndalama m'thumba ndipo aliyense ankafuna kuona Richard. Mu Okutobala 1952 makamera a wayilesi ya kanema analowamo, ndipo mawu a muulutsi René Lecavalier anayamba kufika m'makomo Loweruka lililonse madzulo. Iyeyu anagwira ntchito yayikulu yopezera masewerawa mawu a Chifalansa m'malo mongobwereka a Chingerezi. Mu 1957 banja la a Molson, eni kampani yofulula mowa, linagula timu pamodzi ndi nyumba. Mu 1966 sitima ya pansi pa nthaka inafika pa Atwater, ndipo wa kum'mawa kwa mzinda ankatha kufika pakhomo pa Forum osaponda chipale.

Kukonza kwakukulu kunachitika mu 1968. Denga lakale linkagwiridwa ndi mizati yachitsulo yoima pakati pa mipando, moti munthu ankatha kulipira tikiti n'kuthera masewera onse akusuzumira uku ndi uku kuseri kwa mzati. Amisiri anachotsa mizatiyo n'kupachika denga latsopano pa zitsulo zikuluzikulu zodutsa pamwamba, ntchito yonseyo m'miyezi yochepa ya pakati pa nyengo ziwiri za masewera. Mipando inapitirira 16,000, ndipo pamodzi ndi oonerera chiimire munkalowa anthu pafupifupi 18,000. Kumaso kwa nyumba anaika masitepe oyenda okha opingasana, ooneka kunja ngati ndodo ziwiri za hockey. Mipando inali ya mitundu itatu ya timu: yofiira pansi pafupi ndi ayezi, yoyera pakati, yobiriwira ngati thambo kumwamba kwa a matikiti otsika mtengo.

Zikho zingati zinalowa m'nyumbayi?

Canadiens yatenga chikho cha Stanley ka 24, ndipo ka 22 mwa amenewa inali ikukhala mu Forum, kuyambira 1930 mpaka 1993. Mukawonjezera ziwiri za Maroons zikukwana 24. Akatswiri amene anathandiza Canadiens kutenga zikhozi ndi monga Jean Béliveau, Henri Richard, Jacques Plante, Guy Lafleur, Ken Dryden, Patrick Roy ndi ena ambiri. Timu yachilendo imodzi yokha ndiyo inagonjetsa Canadiens pa ndime yomaliza n'kunyamula chikho pa ayezi wa Forum: Calgary Flames mu 1989. Kupambana kunachuluka moti puck ikagunda chitsulo cha golo n'kubwerera, kapena adani akalakwitsa pa mphindi yomaliza, anthu ankati mizimu ya Forum yalowererapo. Juzi ya timu ankaitcha Sainte-Flanelle, kutanthauza nsalu yopatulika.

Kodi dziko lakunja linaidziwira pati Forum?

Pa masiku atatu makamaka. Loyamba ndi 2 Seputembala 1972. Kwa nthawi yoyamba akatswiri a Canada osewera mu NHL anakumana ndi timu ya dziko la Soviet Union, pa mpikisano wa masewera asanu ndi atatu. Ku Canada pafupifupi aliyense ankati alendowo akwapulidwa masewera onse. Patangotha masekondi 30 Phil Esposito anagoletsa, ndipo posakhalitsa zinali 2 kwa 0. Koma usikuwo kunali kotentha, osewera a Canada anali atangochoka kutchuthi, ndipo alendowo anali okonzeka, akupatsirana puck mwaluso lomwe eni nyumba anali asanalionepo. Valeri Kharlamov anagoletsa ziwiri. Masewera anatha 7 kwa 3, Canada itagonja. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Canada inadzapambana mpikisanowo movutikira ku Moscow, koma kuyambira usiku wa ku Forum makochi a ku North America anayamba kuphunzira kaseweredwe ndi kakonzekeredwe ka ku Ulaya.

Lachiwiri ndi 31 Disembala 1975, pamene Canadiens inakumana ndi timu ya asilikali ya CSKA Moscow. Canadiens inawombera ku golo ka 38, alendo ka 13 kokha, koma goloboyi Vladislav Tretiak anaima nji ndipo anafanana mphamvu 3 kwa 3. Anthu a ku Montreal anamuwombera m'manja mlendoyo ngati wawo.

Lachitatu silikhudza ayezi n'komwe. Pa masewera a Olimpiki a 1976, mpikisano wa majiminasitiki unachitikira mu Forum. Pa 18 Julayi mtsikana wa zaka 14 wa ku Romania, Nadia Comăneci, anamaliza kuzungulira pa mipiringidzo iwiri yosiyana msinkhu, n'kutera pansi osagwedezeka. Oweruza anamupatsa mapointi 10, oyamba otero pa majiminasitiki a Olimpiki a masiku ano. Chikwangwani cha magetsi sichinakonzedwe kuti chionetse manambala anayi, choncho chinalemba 1.00. Anthu anayamba adodoma kaye, kenako atamvetsa, nyumba yonse inaphulika ndi chisangalalo.

Oimba nawo anadutsamo ambiri, kuphatikizapo The Beatles mu Seputembala 1964 ndi Queen mu Novembala 1981.

Nyumba yokondedwa chotere anaisiyiranji?

Ndalama. Pofika m'ma 1990 malipiro a osewera anali atakwera kwambiri, ndipo ankawerengedwa m'madola a ku America pomwe matimu a ku Canada ankatolera madola a kwawo, amene mphamvu yake inali yotsika. Matimu a m'mizinda yaying'ono analephera kupirira: Quebec Nordiques inasamukira ku Denver mu 1995, Winnipeg Jets ku Phoenix mu 1996. Phindu lalikulu silinalinso pa tikiti ya munthu wamba. Linali pa zipinda zapadera zomwe makampani amachita lendi chaka chonse kuti azisangalatsiramo alendo awo, pa malo odyera ndi pa zotsatsa malonda. Forum inali ndi zipinda zotere zochepa, makonde ake anali opanikiza, ndipo inazingidwa ndi misewu mbali zonse zinayi moti panalibe kofutukulira.

Sinali yokha. Chicago Stadium inatsekedwa mu 1994, Boston Garden mu 1995, Maple Leaf Gardens ya ku Toronto mu 1999. A Molson anamanga bwalo latsopano pakati pa mzinda pafupi ndi siteshoni yakale ya sitima ya Windsor, ndi ndalama za kampani, pafupifupi madola 270 miliyoni. Linali ndi mipando yoposa 21,000 ndi zipinda zapadera zoposa 100.

Sindinganene kuti analakwa, chifukwa timu yosalipira osewera ake siyikhalitsa. Koma chinatayika chilipo. Mu Forum mphunzitsi wa timu ankaima pafupi ndi oonerera popanda galasi lowalekanitsa. Pa 2 Disembala 1995, Patrick Roy atagoletsedwa zigoli zisanu ndi zinayi ndi Detroit, anangoyenda masitepe ochepa kuchoka pa benchi n'kukauza pulezidenti wa timu, Ronald Corey, amene anakhala kuseri kwa benchiko, kuti wasewera komaliza ku Montreal. Nyumba yonse inaona. Kuyandikana kotero mabwalo atsopano alibe.

Usiku womaliza unali wotani?

Unali pa 11 Malichi 1996, zaka 59 ndendende chichitikire maliro a Morenz. Canadiens inagonjetsa Dallas Stars 4 kwa 1. Masewera atatha anayala makapeti ofiira pa ayezi n'kuyamba kuitana akatswiri akale mmodzimmodzi, aliyense atavala juzi yake.

Atatchula Maurice Richard anthu anaimirira. Mkuluyu anali ndi zaka 74, ndipo anali atasiya kusewera mu 1960, kutanthauza kuti ambiri mwa oimirirawo sanamuonepo akugoletsa. Kuwomba m'manja kunapitirira kwa mphindi zambiri. Iye anakweza dzanja kuti aleke, iwo n'kuwonjezera. Anatseka maso, anapukusa mutu, anapukuta misozi ndi dzanja. Woulutsa mawu m'bwalomo anayesa kupitiriza mwambo koma mawu ake anamira.

Kenako kunabwera muuni woyaka. M'chipinda chovalira cha Canadiens munali mawu a ndakatulo ya John McCrae ya nthawi ya nkhondo yoyamba, okamba za kupatsirana muuni, ndipo usikuwo anachita zomwe mawuwo amanena. Émile Bouchard, wamkulu pa makaputeni onse amene anali moyo, anaunyamula n'kupatsa Richard, Richard anapatsa Béliveau, n'kumapita choncho motsata zaka. Awiri mwa makaputeni akalewo, Bob Gainey ndi Guy Carbonneau, anali a Dallas usiku umenewo, wina bwana wina wosewera, koma anavala juzi yofiira n'kulowa pamzere. Womaliza anali Pierre Turgeon, kaputeni wa nthawiyo, amene anatsitsa muuniwo n'kukhudza nawo pakati pa ayezi.

M'masiku otsatira mipando, zikwangwani ndi katundu wina zinagulitsidwa, ndipo mpaka lero m'nyumba zambiri za ku Quebec muli mpando wofiira wa ku Forum. Pa 16 Malichi timu inasewera koyamba mu Molson Centre, yomwe kuyambira 2002 imatchedwa Bell Centre.

Nanga lero pamalopo pali chiyani?

Forum siyinagwetsedwe monga anachitira ndi mabwalo a ku Chicago ndi Boston. Mu 1997 boma la Canada linaiika m'gulu la malo osunga mbiri ya dziko. Koma m'kati anagumulamo zonse, ndipo mu 2001 inatsegulidwanso ngati malo a mafilimu, masitolo ndi zodyera. Okonzawo anajambula pansi chizindikiro cha timu posonyeza pakati pa bwalo lakale, n'kusiya mipando ingapo yoti odutsa azikhalapo.

Ku bwalo latsopano, kuyambira 1996 mpaka 2025 chikho cha Stanley sichinalowemo. Timu inafika mu ndime yomaliza mu 2021 koma inagonja kwa Tampa Bay. Mbendera 24 za zikho zinasamuka nawo ndipo zikulendewera kudenga. Mwambo umene unayamba ndi Morenz unasamukanso. Maurice Richard atamwalira mu Meyi 2000, thupi lake linagonekedwa m'bwalo latsopanolo ndipo anthu oposa 100,000 anadutsa pamzere. Anachitanso chimodzimodzi ndi Jean Béliveau mu Disembala 2014, ndi Guy Lafleur mu 2022.